Tsiku Limene Ng'ona Adadzitcha Mayi

Padangotero, ndipo inu amene mwakhala pafupi vomerani kuti tili limodzi.

Chaka china mvula idanyanyala, zitsime zonse zidauma, padangotsala dziwe limodzi loti nyama zonse zizimwapo. Mdindo wa dziwelo adali Mvuu, koma mkuluyu ataona kuti madzi ayamba kumulekeza m'mawondo, adasonkhanitsa banja lake n'kusamukira kumtsinje waukulu osatsanzika munthu. Chichokereni iye, ana a nyama adayamba kusowa. Mwana ankatsikira kudziwe, makolo n'kudikira, n'kudikira, osabwerako.

Gwape adali atataya ana awiri mwa njira yomweyi. Adatsala ndi mmodzi, wamkazi, amene adamutcha Lekeleni, ngati kuti akupempha chinthu chimene chinkamulanda anacho kuti uyu yekha chimusiye.

Nyama zidagwirizana zosankha mdindo wina. Mwambo wake udali wakuti ofuna udindo azilankhula pachulu, Njati akuyendetsa msonkhano, ndipo tsiku lomaliza aliyense akaime kumbuyo kwa amene wamugwira mtima. Wa mzere wautali ndiye mwini dziwe.

Adaimirira awiri. Woyamba adali Njiri, amene maganizo ake adali okumba ngalande yopatutsa madzi kuti ana azimwa posaya. Wachiwiri adali Ng'ona, mlendo amene adabwera ndi madzi osefukira a chaka chapitacho. Ulemu wake udali wochititsa manyazi eni mudzi. Ankauza aliyense kuti iye amadya nsomba basi, chifukwa nyama imamupatsa chilungulira. Iye ankafuna kutseka magombe onse ndi minga n'kusiya dooko limodzi pomwe azikhala yekha ngati mlonda, ana azibwera kudzamwa paokha makolo asanavundule madzi.

Tsono pathengo pomwe Gwape ankagona padalinso chisa cha Mnthengu, kambalame kakuda ka mchira wa mphanda. Sindimubisira mbiri yake, Mnthengu adali kamberembere. Ankatha kutengera mawu a nyama iliyonse, ndipo luso limeneli ankadyera. Ankalira ngati kwabwera mphamba, anzake n'kutaya chakudya kuthawa, iye n'kutola. Koma Mnthengu yemweyu adamuona Lekeleni akubadwa, ndipo ankamukonda ngati wake.

Pamsonkhano woyamba Ng'ona adakwera pachulu mosafulumira, adayang'ana uku ndi uku, n'kuyamba.

"Abale anga, inu a ziboda ndi inu a zikhadabo, ndakuonani nonse. Chaka chino ndi mtsinje wodzadza. Ife taima tsidya lino, msipu uli tsidya lina. Atiwolotsa ndani? Ine ndine bwato lanu. Bwato silifunsa kuti wakwerayu ndi wa mtundu wanji. Bwato silidandaula kulemera. Kwerani, ana patsogolo, ndikakutsitseni kumene kulibe ludzu."

Nthungululu zidamveka mpaka kuseri kwa mudzi. Nyani, amene adadziika yekha kukhala woyimbitsa wa Ng'ona, adayambitsa nyimbo. Idali nyimbo yaifupi. Woyambitsa ankafunsa kuti aludzu awawolotsa ndani, gulu n'kuyankha ndi dzina la Ng'ona likuponda pansi kawiri. Ngakhale mwana woyamwa akadaigwira atangoimva kamodzi.

Kenaka Njati adaitana Njiri. Iye adagwada monga amachitira akamadya, n'kukhosomola.

"Ee, ine ndine Njiri. Dziwe lija ndi lakuya. Ana asamapiteko. Tikumbe ngalande. Ndatha."

"Anzanu ndi bwato," adakuwa Nyani. "Nanga inu ndinu chiyani?"

"Ndanena kale. Ndine Njiri."

Nyama zidaseka mpaka kugwira nthiti. Apo Mnthengu adalephera kupirira, adatera pamutu pa chulu.

"Tamverani, akuluakulu! Ine ndimakhala m'mwamba, ndimaona. Mwana wa a Mbawala sadaterereke m'matope ayi. Adamukoka mwendo ndi bwato lanu lomweli. Ndidaona ndi maso angawa."

"Maso ake ati?" adatero Nyani. "Omwe aja adaona mphamba dzana, tonse n'kuthawa, pobwera ngumbi zathu zitapita?"

Phokoso lidabuka, ena akutola miyala. Koma Ng'ona adakweza dzanja, misozi ili mbwembwembwe.

"Musamugende, abale anga. Njala imalankhulitsa. M'bwato langa nayenso malo ake alimo."

Basi pamenepo ndiye adawamaliza. Ngakhale Mbawala mwini wake adapita kukamugwira chanza, kupepesa m'malo mwa kambalame kopanda mwambo.

Pobwerera kwawo, Mnthengu adamva Gwape akung'ung'udza nyimbo ija, Lekeleni akuponda pansi kawiri pambuyo pake.

"Amake Lekeleni, nanunso?"

"Aneba, lero mwandichititsa manyazi," adayankha Gwape. Adatembenukira mwana wake. "Iwe, zonena za a Mnthengu uzingoseka, usamazitengere kumtima. Wamva?"

Mnthengu zidamuwawa, koma akadakwiyira yani? Mbiri adaiphika yekha. Adaona kuti choonadi chotuluka pakamwa pake sichigulika, ndipo m'mawa mwake adapita kwa Njiri. Adamupeza akunola mano pamwala.

"A Njiri, mukuluza."

"Ndaona."

"Vuto lanu mumawapatsa ngalande. Ngalande ndi ntchito, ntchito ndi thukuta. Ndani angavinire thukuta? Apatseni chithunzi choti apite nacho kunyumba. Mukakwera pachulu mukanene kuti ndinu mvula."

"Koma ine si mvula."

"Nanga a Ng'ona ndi bwato? Mudawaona atapalasidwa? Mukanene kuti: ine ndine mvula, ndimagwera wamkulu ndi wamng'ono, ndikafika pakhomo mwana sayendanso mtunda kufuna madzi. Tayesani."

Adayeserera tsiku lonse, Njiri akupunthwa pa mawu ngati akuyenda m'munda wa zitsa. Pofika madzulo adali atawagwira ndithu, ngakhale ankawanena ngati akuwerenga mlandu.

Pamsonkhano wachiwiri Njiri ndiye adayamba. Adagwada, adapuma mozama.

"Ine ndine mvula."

Nyama zonse zidatchera khutu. Mnthengu adayamba kumwetulira. Koma Nyani adalumpha.

"Eti? Ndiye ndinu amene mwatizunza chonchi? Mudali kuti miyezi yonseyi? Chabwino, tapepesa. Igwani tione!"

"Igwani! Igwani!" lidakuwa gulu, ena atatchera kale zikho.

Mawu onse aja adamuthawa Njiri. Adayang'ana kumwamba, adayang'ana pansi, kenaka adaloza kunthambi.

"Ndi a Mnthengu andiuza."

Musandifunse za kuseka kwa tsiku limenelo. Ng'ona adadikira kuti kuthe, n'kukwera pachulu.

"Mnzangayu musamuseke, wayesetsa. Ine sindilonjeza za kumitambo. Ine ndine nkhokwe ya pakhomo panu. Chimene chalowa mwa ine sichitayika. Mbala siichipeza, chiswe sichichifika. Inu amene mwalira ana, bweretsani otsalawo kunkhokwe."

Nyani adaisintha nyimbo pomwepo. Tsopano woyambitsa ankafunsa kuti chuma cha amayi achisunga ndani, gulu n'kuyankha dzina lomwe lija, kuponda pansi kuli komweko. Gwape adavina mpaka fumbi lidamukwirira.

Madzulo ake Mnthengu adamufunsa mwaulemu.

"Amake Lekeleni, mwatsimikiza?"

"Ndatsimikiza. Ndikaima kumbuyo kwa a Ng'ona." Adayang'ana mwana wake. "Aneba, inu simudziwa. Chitayireni ana anga, aliyense amangoti pepani, pepani. Uyu yekha ndi amene walankhula ngati akuwadziwa mantha anga. Mawu ake amandipatsa tulo."

Mnthengu chisoni chidamugwira. Msonkhano udatsala umodzi. Ng'ona akapambana, Lekeleni adzatsikira yekha padooko, mayi ake atamuperekeza ndi nyimbo. Adalingalira nalingalira. Pakamwa pa Njiri sipakadatheka kuthira uchi, zimenezo adaziona. Koma pakamwa pa Ng'ona, pomwe uchi udali kale, akadatha kuwonjezera mpaka utayikire.

Kutacha adamupeza Ng'ona akuwothera dzuwa. Adatera pabango lalitali, patali ndi mano.

"Bwana mdindo, mwadzuka bwanji?"

"Sindinakhale mdindo. Ukufuna chiyani, wabodza iwe?"

"Ndabwera kudzagwada. Ine ndimatsata kumene kukugwa ngumbi, ndipo kwa a Njiri sikugwa kanthu. Mukapambana mundipatse nthambi ya padooko, ntchentche za pamenepo zikhale zanga."

Ng'ona adaseka. Za chikondi sakadakhulupirira, koma dyera ankalidziwa bwino, ndipo adaona kuti kambalameka kayamba kulankhula zomveka.

"Nanga iwe undipatsa chiyani?"

"Mawu a tsiku lomaliza. Bwato lidakoma, nkhokwe idaposa. Koma bwato limaola, bwana, nkhokwe imapsa. Odzadzitsa mzere ndi amayi, ndipo ena mwa iwo akadali ndi kamtima kokayika. Tandiuzani, ana anu akangoswa mumawanyamula bwanji kupita nawo kumadzi?"

"M'kamwa."

"Osawaluma?"

"Ngakhale kuwakanda."

"Ndi nyama iti ina imene imatha zimenezo? Ena amabereka kumsana, mwana n'kugwa. Inu mumasunga mwana pakati pa mano, n'kutuluka wamoyo. Mukanene kuti ndinu mayi."

Maso a Ng'ona adawala. Adayamba kale kuwalawa mawuwo.

"Koma musakangonena," adapitiriza Mnthengu. "Mwaona zidawachitikira a Njiri. Adawauza kuti igwani tione, adalephera. Inu musadikire kufunsidwa. Mukangoti ndine mayi, yasamulani pomwepo, muitane ana alowe monga amalowera anu."

"Akalowadi?"

"Mumusunge pang'ono, mumutulutse. Kupirira kwa kanthawi, dziwe lonse n'kukhala lanu mpaka kalekale."

Ng'ona adavomera. Ndipo pofuna kuti m'kamwa mukaoneke moyera, mopanda kanyama kotsalira m'mano, adaganiza yekha zosadya kanthu mpaka tsikulo. Izi Mnthengu sadazidziwe. Iye kuwerengera kwake kudali kwakuti palibe mayi angapereke mwana, ndipo amayiwo akadzaona mapazi awo akukana, adzadziwa okha kuti mitima yawo siidakhulupirire zimene pakamwa pakhala pakuimba.

Tsiku lomaliza lidafika. Njiri adanena zake zija za ngalande, osawonjezera kanthu, ndipo palibe adamumvera. Ng'ona adakwera, ulendo uno mawu atawatsitsa ngati woimbira mwana.

"Ana anga. Lero sindikutchani abale, ndikuti ana anga. Ndidati ndine bwato, koma bwato limakusiya pagombe. Ndidati ndine nkhokwe, koma nkhokwe siikufunda kukazizira. Lero ndikuuzani dzina langa lenileni. Ine ndine mayi. Mayi sagona mwana asanamwe. Mayi amamva kulira kwa wake pakati pa ana chikwi. Ana anga ine sindiwabereka kumsana kumene maso safika. Ndimawasunga muno, m'kamwa, pafupi ndi mtima."

Amayi adalira poyera. Nyani adaikweza nyimbo, tsopano ikufunsa kuti amasiye awalera ndani, ndipo kuponda kwake kudagwedeza chulu. Ng'ona adatsika, adagona pabwalo, n'kukweza dzanja kuti kukhale bata.

"Ena amalonjeza mvula osagwa. Ine ndikuonetsani. Bweretsani ana alowe."

Adayasamula.

Nyimbo idazima ngati moto wothiridwa madzi. Nyama zambiri zidali zisanaonepo m'kamwa mwa Ng'ona, chifukwa polankhula ankangotsegula pang'ono. Tsopano zidaona mano, mzere pamwamba mzere pansi, ndi kummero kwakuda kosaoneka polekezera.

"A Nyani!" adaitana Mnthengu mokoma. "Inu oyimbitsa, tiyambireni. Wanu uja ali kumsanayo."

"Ameneyu ali ndi chifuwa," adatero Nyani, akumukankhira mwanayo kumimba. "Angawapatsire amayi."

"A Mbawala?"

"Wanga wangodya kumene, angasanze."

"A Nungu?"

"Wanga ali ndi minga, angawalase."

Aliyense adapeza chifukwa, ndipo mayi aliyense adayamba kuyang'ana mnzake ndi manyazi. Mnthengu mtima udali m'malo. Zonse zinkayenda monga adakonzera.

Koma adali ataiwala munthu mmodzi. Akuluakulu ankaimba nyimbo ija ndi pakamwa pokha, pamene Lekeleni ankaikhulupirira yonse, chifukwa adaimva kwa mayi ake m'mawa ndi madzulo.

"Amayi, si aja mumati adzatisunga aja? Anzanga akuopa chiyani? Ine ndipita."

Asanamugwire, mwana adali atadutsa kale pakati pa miyendo ya akuluakulu, ali pabwalo, akudumphadumpha kulunjika kukamwa kuja. Gwape adaona manowo, adaona mwana wake, ndipo zonse zidamuonekera nthawi imodzi, ana ake awiri aja ndi kumene adapita. Adafuna kuthamanga, miyendo idakana. Adatsegula pakamwa kuti akuwe, mawu osatuluka.

Lekeleni adaponda mwendo wakutsogolo pa lilime la Ng'ona. Adapondanso wachiwiri.

Mnthengu adazindikira chimene adachita. Nzeru zake zomwe ndi zimene zidamufikitsa mwanayo pamenepo. Akadakuwa ndi mawu ake, Lekeleni akadangoseka monga adalangizidwira. Tsono adatenga mawu a Gwape, enieni aja amaitanira mwana kukabwera zoopsa, n'kuwaponya ndi mphamvu zake zonse.

"Lekeleni! Bwerera!"

Mwana wa gwape akamva mayi ake atero safunsa chifukwa. Adadumpha chambuyo. Ndipo Ng'ona, amene adali ndi njala ya masiku, fungo la kamwana lili m'mphuno, ataona chakudya chikuchoka pa lilime adaiwala udindo, adaiwala umayi. Nsagwada zidatsekeka zokha. Khapu!

Kulira kwa nsagwadazo kudamveka ngati mtengo wothyoka. Lekeleni adagwera uko, wamoyo, ndipo pakati pa mano a Ng'ona padatsala tiubweya ta kumchira kwake, aliyense akutiona.

Ng'ona adayesa kumwetulira.

"Ana anga, kumeneko kudali kupsompsona chabe."

Palibe adaseka. Mbawala adayamba kulira mwana wake uja ngati wamwalira tsiku lomwelo. Njati adaimirira n'kunena kuti zolankhula zatha, aliyense akaime kumene mtima wake wafuna. Woyamba kufika kumbuyo kwa Njiri adali Nyani, akukankha anzake ndi zigongono. Mzere udatalika mpaka kukhota. Ng'ona adacheuka, adapeza kumbuyo kwake kuli mchira wake wokha, ndipo adakwawa mwakachetechete kukalowa m'madzi akuya.

Gwape sadapite pamzere msanga. Adali atagwada, akumunyambita mwana wake kuyambira kumutu mpaka kumchira wothothokawo, n'kuyambiranso. Atatha adakweza maso kufuna Mnthengu. Adamupeza pansi pa chitsamba, nthenga zili nyankhalala.

"Aneba, tsikani kuno. Ayi, mwatsika kale. Bwerani pafupi."

"Amake Lekeleni, musandithokoze. Zoyasamula zija ndidawapangira ndine. Ndidatsala pang'ono kukupherani mwana."

"Amene adamutuma kumeneko ndine, ndi nyimbo zanga," adatero Gwape. "Inu mudandiuza zoona poyera, ine n'kukuchititsani manyazi pamaso pa mwana. Lero mawu anga adandithawa pamene ndimawafuna kuposa tsiku lina lililonse, inu n'kuwatola, n'kundiitanira mwana wanga. Zikomo, aneba. Ndilibe mawu okometsera, ndipo ndatopa nawo. Zikomo basi."

Lekeleni adayang'ana uyu, adayang'ana uyo.

"Amayi, si inu munandiitana?"

"Ndi a Mnthengu. Kuyambira lero ndi atsibweni ako. Akakuitana, uzithamanga."

Mnthengu adasendera pafupi ndi mwanayo, misozi ikutsika.

Ngalande adaikumba nyama zonse pamodzi, Njiri ali patsogolo, ndipo thukuta lidatuluka ndithu. Madzi atafika posaya paja, mwana woyamba kumwa adali Lekeleni. Adalowa, madzi akumulekeza m'ziboda, adamwa mpaka kamimba kudzadza, mayi ake ataima pambali osaphethira. Atatha adatuluka n'kubwerera kwa mayi ake, akudontha madzi kukamwa.

Pobwerera kunyumba Gwape adaima pansi pa nthambi pomwe padali Mnthengu.

"Ndilibe choti ndikupatseni, aneba. Koma ndikamayenda m'udzu, ziwala zimabuka. Kwerani pamsana panga muzigwira, musavutikenso ndi kunamiza anzanu."

Mnthengu adakwera. Amayi ena ataona adachita chimodzimodzi, aliyense akumuitanira pamsana pake. Kunama sadasiyiretu, ndisakunamizeni inenso, koma mpaka lero mukaona kambalame kakuda katakhala pamsana pa nyama, nyamayo osakagwedeza, dziwani kuti ndi zikomo wa amayi amene akupitirirabe.

Yanga yathera pano, amene waika mbatata pamoto aiphule isapserere.